Oyilo Wachilendo mu Morris ya a Haji Mokhtar

Mvula ya ku Taiping sipempha chilolezo kwa munthu. Inayamba masana monga ichitira, ikumenya malata a galaja ya Hazwan ngati ili nawo mangawa, ndipo mwini galajayo anangoti chilili pakhomo, sipanala ili m'manja, maso ali pamsewu wochokera kumsika. Galimoto zinkadutsa zambirimbiri, zonyezimira, zoyenda mwakachetechete. Iye ankadikira imodzi yokha, Morris yakalekale yobiriwira ya a Haji Mokhtar, imene munthu amaimva isanatulukire pakona chifukwa giya yake yoyamba imalira ngati kamwana ka mphaka.

Tisanamizane, galimotoyo si imene inkamusowetsa mtendere. Womusowetsa mtendere anali woiyendetsa, Maisarah, mwana womaliza wa a Haji, amene anatenga makiyi kuchokera pamene bondo la bambo ake linakana kuponda kilatchi.

Chithereni mwezi wosala kudya, Maisarah ankabwera Loweruka lililonse ndi dandaulo limodzimodzi, loti giya ikulimba. Tsono amene anapanga Morris ayenera kuti ankawamvera chisoni anyamata amanyazi. Pofuna kuona oyilo wa m'giyabokosi, makaniko salowa pansi pa galimoto ayi. Amatsegula chitseko cha kumanzere, n'kugwada, n'kupinda kapeti, n'kuchotsa kachivindikiro ka labala, kenako n'kumasula bawuti ndi kupisamo chala. Chala chikakhudza oyilo pakamwa penipeni pa bowo, ndiye kuti zili bwino. Chikalowa osanyowa, oyilo watsika. Nthawi yonseyo Maisarah ankakhala pampando wa dalaivala akumuunikira ndi tochi ya pafoni, ataweramira komweko, manja ake akununkhira mandimu. Pakati pa nkhope ziwirizo pankangotsala ndodo ya giya basi.

Ndipo Loweruka lililonse oyilo ankapezeka atatsikadi. Hazwan ankawonjezera, n'kukwawa pansi kufunafuna podontha, n'kupukuta paliponse, n'kusintha mawashala, koma osapeza kanthu. Monga makaniko, nkhaniyi inkamupweteketsa mutu. Monga mwamuna, ankapempha chamumtima kuti podonthapo pasapezeke.

Kenaka Morris inangosiya kubwera. Masabata anadutsa. Mauthenga amene ankatumiza ankaonetsa kuti awerengedwa, koma yankho lokha ayi.

"Wan, khosi lithyoka ilo!"

Anali Rosnah, mlongo wake wamkulu, amene amagulitsa tiyi ndi roti, buledi wophwathalala wokazinga, pakhonde logundizana ndi galajayo.

"Ndikuona mvula, Kak Ros."

"Mvula imachokera kumwamba, m'bale wanga, sichokera kumsika. Bwera kuno. Ndili ndi nkhani yofunika kuimva utakhala pansi."

Anamupangira tiyi wa mkaka, akumukhuthula uku ndi uku pakati pa makapu awiri mpaka thovu litakwera, n'kumuikira patsogolo osasekerera. Kusaseka kwa Rosnah ndi kumene kunamuopsa Hazwan.

"Lamlungu lapitali azimayi a kwa Kamarul anapita kwa Pak Haji, bambo ake a Maisarah. Ananyamula makeke ndi mphete. Anakafunsa ngati duwa la m'munda mwawo lili ndi mwini wake."

Kamarul aliyense amamudziwa. Ali ndi galaja yaikulu kumsewu wopita ku Ipoh, ya makina okwezera galimoto m'mwamba ndi chipinda chozizira chodikiriramo makasitomala.

"Ndiye Pak Haji ayankha kuti chiyani?"

"Sanayankhe. Mphete yasiyidwa, akuti aganize kaye. Koma mwambo ukuudziwa wekha. Akangoti inde, chitseko chatsekeka. Msilamu safunsira pamwamba pa mnzake." Rosnah anamenya tebulo ndi nsalu yopukutira. "Ndakuuza kangati kuti unditume? Diresi limene ndinasungira ulendo umenewu njenjete zayamba kulitchula kuti kwathu."

"Ndimati ndimalize kaye nyumba. Mwana wa Pak Haji ndingamulowetse m'chipinda cha kuseri kwa galaja, monunkha petulo?"

"Unamufunsa mwini wake ngati petulo amamuyetsemulitsa? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, Wan."

Tiyi anazirala m'kapu. Hazwan anabwerera m'galaja, n'kugwira ichi, n'kusiya, n'kugwira icho, mtima ukuwawa ngati wapondedwa. Mvula itakata, foni yake inanjenjemera m'thumba. Anali Maisarah.

"Giya ikukana kulowa. Ndibwera mawa m'mawa. Bambo sakudziwa."

* * *

Mawa lake linali Lachisanu. Hazwan anasesa galaja mpaka pansi pa mashelefu, anavala malaya ochapa, ndipo Rosnah atamufunsa ngati kukubwera nduna ya boma, anakhala ngati sanamve.

Morris inatulukira pakona ikulira kulira kwake kuja. Koma Maisarah atafuna kutsitsa giya kuti akhotere m'galaja, panamveka kukukutana kwa zitsulo koti Hazwan anakumva m'mano mwake. Galimoto inaima. Anapatsana salamu, aliyense akuyang'ana kumbali.

"Muli bwanji, Abang Wan?" Ankamuitana choncho, ngati mchimwene wake wamkulu, kuyambira ali kamtsikana.

"Tilipo. Timayesa mwina Morris inagulitsidwa."

Anatsegula chitseko cha kumanzere, n'kugwada pamalo pake paja. Anapinda kapeti, anachotsa kachivindikiro, anamasula bawuti, n'kupisa chala. Chinanyowa nthawi yomweyo. Anachitulutsa, n'kuchinunkhiza. Oyilo amene iye ankathira anali wa injini wamba, wopepuka, wosanunkha kanthu. Uyu anali wolemera ngati uchi, ndipo fungo lake linali la mazira owola.

Munthu amene sanagwirepo sipanala sangamvetse chimene Hazwan anamva pamenepo. Zinali ngati kupeza nsapato za mwamuna wina pakhomo la nyumba imene wakhala ukuiyesa yako.

"Ndiyatse tochi?" anafunsa Maisarah motsitsa mawu.

"Sipafunika tochi, mphuno yandiuza kale. Ndani wagwira galimotoyi, Sara?"

"Kamarul." Anayamba kukanda chiwongolero ndi chikhadabo. "Bambo ananena kuti makaniko wothira oyilo Loweruka lililonse osapeza podontha ndiye kuti maso ake ndi okongoletsera nkhope chabe. Anandiletsa kubwera kuno. Kamarul anabwera yekha kudzaitenga. Anathira oyilo wodula kuposa onse a m'shopu mwake, osalipiritsa, n'kuibweza yotsukatsuka."

"Wodula!" Hazwan anaseka kuseka kopanda kukoma. "Giyabokosi iyi ndi nkhalamba, Sara. M'kati mwake muli timphete ta mkuwa timene timathandiza giya kulowa mofewa. Oyilo uyu ngwabwino m'galimoto za masiku ano, koma ali ndi mankhwala amene akatentha amadya mkuwa. Komanso ndi wolemera, n'chifukwa chake giya ikukukanira m'mawa. Nkhalamba iyi imafuna oyilo wa injini basi. Agogo opanda mano suwapatsa nyama yowuma poti ndi yodula."

"Ndiye muuchotse."

Koma panali china chimene chinkamubaya kuposa fungolo. Oyilo anali wodzaza mpaka pakamwa pa bowo. Masabata onsewa sanatsike ndi pang'ono pomwe.

"Komabe mnzathuyu timuyamikire," anatero akupukuta chala pasanza, mwamphamvu ngati afuna kusenda khungu. "Podontha paja wapapeza. Zimene zinandikanika ine miyezi yonseyi, iye wazitha tsiku limodzi. Kaya mphete nayonso anayeza bwino? Yakukwana?"

Mawu amenewa atangotuluka, anafuna atawameza. Maisarah anamuyang'ana, maso atadzaza misozi imene inkakana kugwa.

"Inu ndinu munthu wopusa kuposa onse m'Taiping muno," anatero pang'onopang'ono. "Galimoto iyi sinadonthepo."

"Sinadonthepo bwanji? Ine ndi chala changachi..."

"Lachisanu lililonse, Bambo akapita kumzikiti, ndinkayala katoni pansi, n'kukwawa ndi sipanala yawo. Ndinkamasula bawuti ya pansi pang'ono, oyilo n'kumagwera m'botolo la jamu. Mabotolowo ali m'shedi, kuseri kwa matumba a makala. Ndikamaliza ndinkatsuka manja ndi mandimu kuti zikhadabo zisandiulule."

"Iwe? Chifukwa chiyani?"

"Mufunsenso! Mwana wamkazi wa Haji angamabwere ku galaja ya mnyamata wosakwatira sabata ndi sabata popanda chifukwa? Ndinkati tsiku lina mudzatopa ndi kufunsa za giya, mudzafunsa za ine. Koma inu ayi. 'Ikulimba pa yachiwiri kapena pa yachitatu?' Tsiku lina ndinatsala pang'ono kukukhomani ndi foni pamutu."

Misozi ija inagwa tsopano, koma kuseka nako kunali pafupi. Hazwan anali chigwadire, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti kugwadako kuli ndi ntchito ina.

"Sara, ine podontha ndinkapafuna ndi diso limodzi. Linalo linkapempha Mulungu kuti ndisapapeze. Masabata amene sunabwerewa ndakhala ngati munthu wodwala malungo. Ndimakukonda. Ndakukonda kuyambira kalekale, kungoti ndinkaopa kuti ndilibe pokuika."

"Ine si kabati yoti mundisakire poika."

"Ndamva."

"Mphete ya Kamarul ili m'chipinda cha Bambo, sindinaiyese n'komwe. Koma Bambo sangawadikiritse anthu mpaka kalekale, Abang."

"Lamlungu Kak Ros abwera kwanu."

"Lamlungu? Bwanji osati lero?"

"Pafunika mphete. Pafunikanso azakhali a ku Kuala Kangsar. Kak Ros sangalowe okha m'nyumba ya Pak Haji ngati akudzagulitsa roti."

"Kwa inu nthawi zonse pamafunika kenakake," anatero Maisarah, koma akumwetulira.

Sanagwirane manja, pakuti si mmene analeredwera. Hazwan podzuka anatsamira ndodo ya giya, n'kusiyapo chidindo cha oyilo pamutu pake. Maisarah anaikapo chikhatho chake, ndipo sanachichotse mpaka takisi yomubweza kwawo itafika.

* * *

Rosnah atamva nkhaniyi sanafunsenso kawiri. Anazimitsa moto, anawauza makasitomala kuti roti yatha ngakhale mtanda unali wodzaza beseni, n'kuthamangira kwa osula golide, foni ili kukhutu akuwakalipira azakhali kuti asiye zochapazo akwere basi.

Hazwan anatsala yekha ndi Morris. Anaika beseni pansi pake, n'kumasula bawuti ija imene tsopano ankaiyang'ana ngati mboni. Oyilo anatuluka mwaulesi. Atakokera besenilo padzuwa, anaona tinthu tachikasu tikunyezimira m'menemo. Linali fumbi la mkuwa, ndipo linali lambiri.

"Bwana Wan!"

Galimoto yoyera inali itaima pamsewu, ndipo Kamarul ankabwera atavala zake za Lachisanu zosita bwino, akulumpha zithaphwi mosamala. Vuto la Kamarul linali lakuti sanali munthu woipa. Wolimbirana naye akakhala woipa, mtima umapeza pogwira. Uyu anali waulemu, wopatsa, ndiponso wokongola, zomwe Hazwan ankaona kuti n'kuwonjeza.

"Ndimadutsa, ndiye ndaona galimoto ya apongozi... pepani, lilime latsogola. Ya Pak Haji."

"Yabwera ikukana giya. Oyilo amene unathira si wake. Amadya mkuwa."

Kamarul anakwinya nsalu yake ya m'chiuno, ananjuta pafupi ndi beseni, n'kuvundula oyiloyo ndi kamtengo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Za oyiloyo mwina ukunena zoona. Galimoto za makolo sindizidziwa, ndivomere. Koma usandipusitse, Wan, nanenso ndinakulira m'galaja. Oyilo wanga wangokhalamo masabata ochepa. Fumbi lochuluka chonchi limabwera giyabokosi ikamayenda ndi ludzu miyezi yambiri." Anadzuka, n'kutaya kamtengoko. "Ndipo miyezi imeneyo ankaisamala ndani?"

Ankanena zoona, ndipo choonacho chinali ndi dzina lake: Maisarah. Koma Hazwan akanalolera kumwa oyilo yense wa m'besenimo kusiyana n'kulitchula dzinalo pamaso pa munthu uyu.

"Ndinali ine."

"Basi, zatha. Sindinabwerere mkangano." Kamarul anamusisita paphewa, n'kuyang'ana mkono wa malaya ake ngati wada. "Ndikawauza Pak Haji kuti galimoto yawo ili kuno, angayese yabedwa. Ndikumana nawo kumzikiti waukulu. Amalume anga nawonso abwera kuchokera ku Ipoh."

Munthu wa mutu wabwino akanadzifunsa kuti amalume a munthu amachokeranji ku Ipoh kudzapemphera ku Taiping, ngati kuti kwawoko mizikiti yatha. Koma Hazwan tsiku limenelo mutu wake unali utadzaza ndi chikhatho chija pa ndodo ya giya. Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

* * *

Atabwera kumapemphero kukamzikiti ka pafupi ndi galaja, anatsuka giyabokosi mpaka fungo lachilendo lija litatha. Pashelefu panali zitini zamitundumitundu, koma dzanja lake linapita pa chitini chakale chomwe chija cha oyilo wa injini. Anagwada, analowetsa kapaipi pabowo, n'kuthira pang'onopang'ono mpaka oyilo anayamba kubwerera pakamwa. Anapisa chala, ananunkhiza, mtima wake n'kukhala pansi.

Kenako anaitulutsa kukaiyesa. Mpando unali utakankhidwira kutsogolo molingana ndi miyendo ya Maisarah, mawondo ake ankagunda chiwongolero, koma sanaubweze m'mbuyo. Anazungulira m'mbali mwa maiwe, pansi pa mitengo ikuluikulu imene nthambi zake zimaweramira m'madzi, akuyang'ana mpando wopanda munthu wa kumanzere. M'maganizo anamuona Maisarah atakhalapo, akumudzudzula kuti akuyenda ngati kamba. Anaona nyumba yake yosathayo ili ndi makatani. Anafika mpaka poganiza za dzina la mwana woyamba, munthu amene dzulo lomweli ankalephera kufunsa funso limodzi.

Giya zinkalowa mofewa tsopano, kupatula yachiwiri imene inkakukutabe. Timphete ta mkuwa tinali titadyeka. Pankafunika kutsitsa giyabokosi yonse, kuitsegula, ndi kukasaka tina kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Penang, ntchito ya mwezi wathunthu. Nkhani yoteroyo makaniko amaidandaula, koma Hazwan anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kutulutsa foni akumwetulira.

"Yachiwiri ikukukutabe," analemba.

Yankho linabwera msanga. "Mwayambanso za giya?"

"Ayi. Ndimafuna kufunsa kuti chala chako n'chachikulu bwanji."

"Funsani Kak Ros. Anandiyeza ndi ulusi chaka chatha, akuti mwina tsiku lina mlongo wawo adzadzuka."

Hazwan anaseka yekha m'galimoto mpaka munthu wina wothamanga m'mbali mwa msewu anacheuka.

"Lamlungu likuchedwa," analemba.

"Mwaona tsopano mmene ndinkamvera ine."

* * *

Chakumadzulo, mitambo itayambanso kusonkhana pamwamba pa phiri, takisi inaima pakhomo la galaja. Anatsika a Haji Mokhtar, mwendo wabwino patsogolo, ndodo kudzanja lamanja, jumbo yolemera kudzanja lamanzere. Hazwan anathamanga kukawalandira, anawerama n'kugunditsa chipumi padzanja lawo, n'kuwakokera mpando.

A Haji sanakhale msanga. Anayamba azungulira Morris, akuisisita padenga ngati ng'ombe yawo. Kenaka anaika jumbo ija pabenchi, ndipo m'kati mwake munalira magalasi.

"Ndakubweretsera oyilo wako."

Anatulutsa mabotolo a jamu, limodzilimodzi, n'kumawandandalika pabenchipo. Lililonse linali ndi oyilo wa injini.

"Kamarul wandiuza kuti wavomera zoti ndiwe unawononga giyabokosi," anatero a Haji atakhala pansi. "Iweyo wanama, koma bodza lakolo ndalilemekeza. Ndinanenanso kuti maso ako ndi okongoletsera nkhope. Pa mawu amenewo ndikupepesa, pakuti ndinkadziwa kuti si zoona. Galimoto imeneyi ndakhala nayo kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Sidontha."

"Pak Haji..."

"Mwana wanga amayesa kuti bambo wake akakalamba bondo, ndiye kuti mphuno nayonso yakalamba. Nyumba yonse mandimu okhaokha Lachisanu lililonse!"

Panali kachisoni m'mawu awo, komanso kakuseka, ndipo kakusekako kanamulimbitsa mtima Hazwan. Anapukuta manja pamalaya ochapa aja, anaima mowongoka, n'kunena mawu amene anayenera kunena kalekale.

"Pak Haji, ndikhululukireni ngati ndikulumpha mwambo. Lamlungu lino achemwali anga ndi azakhali akufuna kudzakuonani kunyumba. Ali ndi funso lokhudza duwa la m'munda mwanu."

A Haji anayang'ana mabotolo, anayang'ana Morris, kenaka anamuyang'ana iye. Madontho oyamba a mvula anayamba kugunda malata.

"Unali kuti, mwana wanga?" anafunsa motsitsa. "Botolo loyamba ndinalipeza kalekale. Sindinamukalipire. Ndinati mnyamatayo ndimamudziwa, bambo ake tinkapemphera mzere umodzi, manja ake ndi akuda koma mbiri yake ndi yoyera. Ndinati abwera. Lamlungu lililonse ndinkauza Sara kuti agule makeke, osamuuza chifukwa chake. Makeke tinkadya tokha."

"Ndinkafuna ndimalize nyumba..."

"Ine amayi ake a Sara ndinawakwatira ndikugona kuseri kwa sitolo ya Mtchaina. Nyumba imamangidwa ndi anthu awiri." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Anthu anayamba kulankhula. Kumsika, kumzikiti, paliponse: mwana wa Haji sachoka kugalaja. Mwana wamkazi sangamakwawe pansi pa galimoto chifukwa cha mwamuna amene pakamwa pake sipatseguka. N'chifukwa chake ndinamuletsa kubwera. Ndinati mwina kusowa kukudzutsa. Anthu ena anabwera ndi mphete, ndinawadikiritsa mpaka manyazi anandigwira. Iwe zii."

"Koma simunawayankhe, Pak Haji. Kak Ros anati simunawayankhe."

"Ndawayankha lero. Titatuluka m'mapemphero ndagwirana chanza ndi amalume ake a Kamarul pakhonde la mzikiti, pamaso pa imamu ndi anthu onse. Ndavomera."

Mvula inakula. Hazwan anagwira m'mphepete mwa benchi, mabotolo n'kugundana. Anafuna kukuwa, anafuna kugwada, anafuna kunena kuti mtsikanayo m'mawa womwewu walira m'galimoto iyi chifukwa cha iye. Koma mawu a Haji operekedwa pakhonde la mzikiti sabwezedwa chifukwa cha misozi ya makaniko. Madzi akatayika sawoleka.

"Sara akudziwa?"

"Ndikachoka pano ndikukamuuza. Ndinayamba ndadzera kuno chifukwa ndinaona kuti uyenera kumva kwa ine, osati kumsika." Anadzuka movutikira, atatsamira ndodo. "Tsono pali ntchito. Ukwati uchitika mvula ikachepa. Amayi ake a Sara anapita ku ukwati wawo pa galimoto iyi, ndipo asanamwalire ndinawalonjeza kuti mwana wawo adzapitanso pa iyo yomwe. Uitsegule, usinthe zimene zadyeka, uthire oyilo amene ukumudziwa iwe. Munthu wina asaigwirenso."

Hazwan anangogwedeza mutu, osadziwa kuti akuvomera chiyani.

"Chinanso. Bondo langa silingapondenso kilatchi. Kamarul giya zake sazidziwa, ndipo mkwati sadziyendetsa yekha. Pa tsikulo udzayendetsa ndiwe."

Anatero a Haji, n'kuyamba kutsimphina kulowera ku takisi imene inkawadikira pamvula. Asanafike n'komwe pachitseko chake, foni inanjenjemera m'thumba la Hazwan. Anaitulutsa. Unali uthenga wa Maisarah.

"Kak Ros akuti mphete yapezeka, azakhali afika mawa. Ndagula kale makeke, Abang. Ulendo uno musachedwe."